Kapu Yoikidwa Kudzanja Lakufa

Make mapasa anali akufinya nsalu ya pabedi kuseri kwa nyumba pamene mng'ono wake anatulukira pakona, nsapato za kutchalitchi zili m'manja, pakamwa patayamba kale.

"Asisi, mwatchukatu. Lero abusa akutchulani kawiri paguwa. Ena tayimba kwaya mpaka mawu kusasa, sanatitchulepo ngakhale m'zolengeza."

"Gwira uko, Wailesi," anatero make mapasa akumupatsa nsonga ya nsaluyo. "Uzilankhula ukufinya."

Dzina la Wailesi anamupatsa ndi mayi awo ali kamwana, poti ankayamba kulankhula asanasukusule n'komwe. Anaika nsapato pamwala n'kugwira nsaluyo, koma nkhope anaitembenuzira kumbali. Fungo la mkodzo linali lisanathe ngakhale sopo anali atadyamo kawiri.

"Akuti Lamlungu likubwerali muime kutsogolo, muchitire umboni. Akuti amayi a mumpingo aphunzire kukhululuka. Akuti onani mayi uja, mwamuna anamuthawa ana ali pabere, wabwerera atafa mbali imodzi, iye wamulandira ndi manja awiri. Anthu analira, asisi. Mkazi wa msungichuma analira mpaka wigi kupendekeka."

"Akanabwera kudzachapa."

"Ndiye Lachinayi akubwera ndi mgonero wa odwala. Akuti alamu alandire, inunso mulandire, poti mwakhalitsa osaoneka pagome. Nanga Lamlungulo mudzavala chiyani? Musadzandichititse manyazi ndi diresi la maluwa ofota lija."

"Sindinavomere."

"Mukana abusa? Inu?"

Make mapasa anaponya nsaluyo pachingwe, naiwongola ndi zala zong'aluka.

Mwamuna wakeyo anthu ankangomutchula kuti Dalaivala, chifukwa moyo wake wonse unathera pachiwongolero cha mabasi a maulendo ataliatali. Anachoka panyumbapo mapasa akuyamwa, n'kukalowa kwa mkazi wina wa saluni pafupi ndi depoti. Sanatsanzike ndi mawu. Anatsanzika ndi lamba, ndipo chipsera chake chinali chikadalipo paphewa la make mapasa. Anawo anakula, n'kupita kukagwira ntchito kutali. Bambo awo ankawadziwa ngati munthu amene nthawi zina amaliza hutala akamadutsa pamsewu waukulu.

Kenaka sitiroko inamugwetsa padepoti pomwepo, makiyi ali m'manja. Wasaluni uja anapirira naye mpaka pamene fungo linayamba kuthamangitsa makasitomala. Tsiku lina masana anafika pa galimoto yahayala ndi amuna awiri, amene anamunyamula Dalaivala ngati thumba la simenti n'kumugoneka m'chipinda chomwe mapasa ankagona.

"Wa mphete ndinu, mayi," anatero wasaluniyo ali pakhomo, akukonza tsitsi lake. "Ine ndinali wongosunga."

Oyandikana nawo anali atadzaza pampanda. Dzuwa lisanalowe, amayi a mumpingo anafika ndi nyimbo. Make mapasa sanamulandire Dalaivala. Anangosowa pomutaya.

Ntchito yake inali yosita zovala pamalo ena ochapira m'tauni. Ankaima pasimbi kuyambira m'mawa, nthunzi ikumuwamba kumaso, masana n'kuthamangira kunyumba kukatembenuza wodwala, kenaka n'kubwereranso. Akaweruka ankapeza bedi lonse litanyowa mpaka kumatiresi. Ankachapa, kuyanika, kuyala, kukacha n'kuyambiranso. Mvula ikagwa nsalu zinkalendewera m'nyumba monse, pamipando ndi pazitseko, moti munthu ankayenda chowerama ngati ali m'tchire.

Ndiye tsiku lina anazindikira kanthu kamodzi: Dalaivala akamwa madzi ochepa, zochapa zimachepanso. Amuna awiri aja anali atamugoneka bwino, dzanja lamanja, lomwe linali lamoyo, lili chakunja kumene kunali kampando koikapo kapu. Make mapasa anasamutsa pilo n'kumutembenuza, kumutu kukhala kumiyendo. Tsopano dzanja lamoyo linapanikizika kukhoma, ndipo kapu inakhala pafupi ndi lamanzere, lomwe linkangogona pabulangete ngati nsomba yakufa. Mlendo akafunsa, iye ankati, "Kuwindoko kumalowa mphepo, amatsokomola."

Madzi sanamumane ayi. M'mawa uliwonse ankatsuka kapu, kuidzaza, n'kuivundikira ndi kambale kuti ntchentche zisagweremo. Aliyense wolowa ankaona kapu yoyera, yodzaza. Ankamumwetsa yekha kokwanira kumezera mapiritsi, basi.

Poyamba kunali kutopa chabe. Koma m'mawa wina anabwerera kudzatenga ambulera, naima pakhomo la chipinda. Anamuona Dalaivala akulimbana kuwolotsa dzanja lamoyo pamwamba pa chifuwa chake, zala zikunjenjemera m'malere, kapu ili pataliko pang'ono chabe. Make mapasa anaima n'kumaonerera. Mumtima mwake munakoma. Anatenga ambulera n'kutuluka monyang'ama. Kuyambira tsiku limenelo mbale ya mgonero ikamadutsa iye ankaipatsira kwa mnzake, ndipo posakhalitsa anasiyiratu kupita kutchalitchi. Ankati wodwala sangasiyidwe yekha, ngakhale kuntchito ankamusiya yekha tsiku lililonse.

Komabe nkhani ya umboniyo inamulowa. Zaka zonsezo anali "wothawidwa uja", wokhala pabenchi la kumbuyo, amene akapereka moni kwa mwamuna wa mwini, mkazi wake ankafika msanga kudzaima pakati. Tsopano amayi omwewo adzamuombera m'manja. Lachiwiri anatulutsa diresi lake labuluu m'sutukesi, n'kupita nalo kuntchito, nalisita pakati pa malaya a makasitomala, bwana atatuluka. Analipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake. Akamadutsa ankaliyang'ana, n'kuyang'ananso kumbali.

Lachinayi anapempha kuweruka masana. Anakolopa chipinda cha wodwala ndi mankhwala onunkhira, anamumeta ndevu Dalaivala, anamuveka malaya oyera okhala ndi kolala. Anatsuka kapu, naidzaza, naivundikira, n'kuiika pamalo pake. Anayang'ana chipinda chonse ndi diso la munthu wosita, lofufuza pamene pakwinyika. Sanaone cholakwika chilichonse. Diso linali litazolowera.

Abusa anali munthu wachikulire, woonda, woyenda ndi kachikwama kachikopa kothothoka m'makona. Anafika thukuta lili kamukamu, atayendera kale odwala ena, Wailesi ali pambuyo pawo akuwafotokozera za mkangano wa kukwaya.

"Mwaswera bwanji, mayi? Nanga adalaivala athu?"

"Taswera, abusa. Lowani, ali muno."

M'chipindamo munali mothina. Abusa anachotsa kapu pakampando n'kuiika pawindo, anayalapo kansalu koyera, natulutsa kambale ka mkate ndi timakapu tating'ono. Anapemphera mwachidule, ndi mawu otopa. Kenaka ananyema mkate n'kuika kachidutswa m'dzanja la Dalaivala lomwe linali pafupi nawo. Dzanjalo silinafumbate. Mkatewo unagubuduka n'kugwera pabulangete.

"Ndi lakufa limenelo, abusa," anatero Wailesi. "Lamoyo lili uko kukhoma."

Abusa anatola mkatewo. Anayang'ana kukhomako, pamene penti inali itada ndi kukandika chifukwa cha zala. Anayang'ana kampando, anayang'ana kapu ili pawindo, yodzaza mpaka m'milomo. Potsiriza anayang'ana milomo ya Dalaivala, yong'aluka ndi yoyera ngati ya munthu wochokera paulendo wapansi. Zipinda za odwala anali atalowamo zambiri.

"Nanga madziwa amawafikira bwanji mukakhala kuntchito?" anafunsa motsitsa mawu.

Yankho la mphepo lija linali pakamwa pa make mapasa. Anali atalinena kambirimbiri osaphethira. Koma mkate unali m'manja mwa abusa, ndipo lilime linakana.

Pabedi panamveka kubuula. Dalaivala sankalankhula kawirikawiri, chifukwa mawu ankatuluka mokwawa, pakamwa patakhotera mbali imodzi.

"I-ne," anatero. "Ndi-na-ti. Mphe-po. Wi-ndo."

Abusa anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika bondo pabedi, nawerama pamwamba pa thupi lonselo, n'kuika mkate m'dzanja lamoyo. Atadya, anamugwirizira kakapu pamilomo. Dalaivala anakayamwa mpaka dontho lomaliza, nanyambita m'mphepete, osati ngati munthu wopembedza koma ngati munthu waludzu. Abusa anatenga kapu ija pawindo, anachotsa kambale, anamutukula mutu. M'chipinda monse munangomveka kumeza, gwa, gwa, gwa, mpaka kapu inauma.

Atatembenukira kwa make mapasa ndi kambale ka mkate, anapeza manja ake ali kumbuyo.

"Lero ayi, abusa."

Iwo sanakakamize. Analongedza zinthu zawo, anapinda kansalu, anatsanzikana ndi wodwala. Make mapasa anawaperekeza yekha mpaka pageti.

"Lamlungu sindiima," anatero asanatsegule.

"Ndamva."

"Simufunsa chifukwa?"

"Khoma lija landiuza."

"Anama bambo aja. Mphepo ija ndi yanga. Ndinawatembenuza ndine, dala, kuti ndizichapa zochepa. Kenaka ndinayamba kuzikonda. Musaganize kuti ndimalira nazo. Ndikagwada m'mawa ndimapempha kuti masana ndikawapeze atapita. Ndiye mayi wanu wachifundo ameneyo."

Abusa anatsamira geti, kachikwama kali pachifuwa. Nkhope yawo inaoneka yokalamba kuposa m'mene anafikira.

"Woyamba kulakwa ndine," anatero. "Ndinakukwezani paguwa ndisanalowe m'chipinda chanu. Ndinkafuna chitsanzo cha ulaliki, ndipo munandikwanira bwino."

"Ndiye mundidula mumpingo?"

"Ndikakudulani ndikuikani kuti? M'chipinda muja tinalimo anayi: wonama, wankhanza, wonyadira ulaliki wake, ndi Wailesi. Wailesi yekha ndiye sindikudziwa tchimo lake la lero, koma silingasowe."

Make mapasa sanaseke, koma pakamwa pake panagwedezeka.

"Mkate uja sitipereka kwa anthu chifukwa akhoza, mayi. Ukanakhala wa okhoza, bwenzi ndikubwerera nawo kunyumba tsiku lililonse, ndipo ineyo sindikanaulawa. Koma sindikunamizani. Chimene mukuchitacho ndi tchimo, ndipo chikhoza kumupha munthu uja. Chithe lero."

"Nanga nsalu azichapa ndani? Mulungu?"

"Amayi aja analira Lamlungu. Ndikawauza kuti misozi ija abwere nayo kuno, pamodzi ndi sopo."

"Abwera kawiri. Kachitatu mutu uwapweteka."

"Mwina. Ukawapweteka mudzandiuze, manja ndili nawo."

Make mapasa anayang'ana manja a abusawo, ofewa, osadziwa ndowa. Anapukusa mutu.

"Kutembenuza munthu ndi kophweka," anatero. "Nanga mtimawu? Ndayesa kuwakhululukira. Ndimafinya, palibe chimatuluka. Ndikawayang'ana ndimaona lamba."

"Umenewo sindingauthe ine, inunso simungauthe. Kawauzeni Ambuye monga mwandiuzira inemu, osakometsera. Amadziwa kale, koma kawauzenibe. Ife tonse tikukhalira chifundo chawo basi, palibenso china chimene tili nacho. Lachinayi ndibweranso ndi kachikwamaka."

Anatsegula okha geti n'kulowa mumsewu, akuyenda mokoka mwendo, kupita kwa wodwala wotsatira.

Wailesi anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja ali m'khwapa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire analibe mawu.

"Wazima?" anafunsa make mapasa.

"Asisi, ine ndimabwera muno sabata iliyonse. Kapu ija ndimaiona."

"Aliyense amaiona. Dikira pomwepo, ndikuitana."

Analowa m'chipinda cha wodwala n'kutseka chitseko. Dalaivala anali atayang'ana kudenga, kolala ya malaya oyera aja itanyowa ndi madzi otayikira.

"Mwanamiranji? Mkate uli m'manja mwa abusa, inu n'kumanama."

Pakamwa pa Dalaivala panalimbana kanthawi mawu asanatuluke.

"A-ka-ndi-cho-tsa," anatero. "Ndi-pi-ta ku-ti?"

Make mapasa anaseka kaphwete kouma. Sichinali chikondi ayi, anali mantha. Munthu yemwe uja, wodziganizira yekha mpaka pabedi la imfa. Koma anadabwa kumva kuti m'chifuwa mwake mwapepukako. Akanakhala kuti wamubisira chifukwa cha ubwino, sakanadziwa pouika ubwinowo.

"Ndiye tafanana," anatero. "Palibe woseka mnzake muno."

Maso a Dalaivala anatsika kudenga n'kuima paphewa lake, pamene diresi linkabisa chipsera.

"Phe-wa," anatero. "Ndi-na..."

"Khalani chete. Zimenezo sindikuzifuna lero. Mukazinena ndiyenera kuyankha, ndipo yankho ndilibe."

Anatsegula chitseko n'kuitana mng'ono wake. Anachotsa pilo n'kuiponya kumiyendo.

"Iwe gwira miyendo, ine ndigwira m'khwapa. Tiwazunguza, mutu upite kuwindo."

"Nanga mphepo?" anafunsa Wailesi.

"Windo limatsekeka."

Anamunyamula. Thupi lakufa mbali imodzi limalemera mwa mtundu wake, limathawira kumene munthu sakuyembekeza. Wailesi anapunthwa pakampando, bondo la Dalaivala linagunda khoma, bulangete linakolana ndi miyendo ya bedi.

"Alamu, mukulemera chonchi bwanji, munthu wosadya?" anatero Wailesi akupuma mwawefuwefu. "Machimotu awa. Mgonero uja sunachotseko ngakhale kilo imodzi?"

M'khosi mwa Dalaivala munatuluka kaphokoso kamene mwina kanali kuseka. Anamugoneka, anamukokera m'mwamba, anamuikira pilo. Make mapasa anaongoka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Anatenga kapu, anakaidzaza kukhitchini, n'kuiika pakampando osaivundikira. Anakankha kampandoko ndi phazi mpaka kanagunda bedi.

Dzanja lamoyo linatambasuka, linapapasa, n'kugwira. Madzi ena anatayikira pachifuwa, ena analowa. Make mapasa anaima n'kumaonerera monga anachitira m'mawa wa ambulera uja. Anafufuza mumtima mwake kuti mwina mwasintha. Anapezamo kutopa kokhakokha.

"Sindinakukhululukireni, bambo a mapasa," anatero. "Musanyengedwe ndi kapu."

Dalaivala anagwedeza mutu, kapu idakali pakamwa.

Wailesi atapita, make mapasa analowa kuchipinda kwake. Anatsitsa diresi labuluu lija kuseri kwa chitseko, analipinda motsatira mizere ya simbi, n'kulibwezera m'sutukesi. Anafuna kugwada, koma maondo anali kupweteka, choncho anangokhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pamiyendo.

"Ambuye, mwaona nokha," anatero. "Munthu uja sindimufuna. Ndimafuna atafa, ndipo mawa mwina ndifunanso. Ndilibe chabwino choti ndikuonetseni. Ndichitireni chifundo, ine ndi iye yemwe, chifukwa patokha tiphana."

Anadikira pang'ono. Panalibe chimene chinachitika, kupatula kulira kwa kapu ikubwerera pakampando kuchipinda chinacho, yopanda kanthu.

Anadzuka, anakaidzazanso. Kenaka anatenga ndowa zake ziwiri ndi kachidutswa ka sopo kotsala, n'kupita kumpopi dzuwa lisanalowe. Zochapa za mawa zinali zoti zidzachuluka.